Mipando iwiri ya kometera tsitsi

Zikomo a mfumu, zikomo a wapampando, amayi ndi abambo nonse. Inu achinyamata mwaunjikana pakhomopo, lowani, mabenchi akadalipo kutsogolo kuno. Anzathu akulimbana ndi jenereta panjapo, ndiye podikira magetsi ndati ndikuuzeni za kanema amene tionere usiku uno, kuti poseka muzidziwa amene mukumuseka.

Kanemayu dzina lake ndi The Great Dictator, wa Charlie Chaplin, ndipo anatuluka mu Okutobala 1940 ku New York. Achikulire mukumukumbukira Chaplin, wa kachipewa, kandodo ndi nsapato zazikulu uja. Iyeyu anabadwa pa 16 Epulo 1889, Hitler n'kubadwa pa 20 Epulo chaka chomwecho. Anasiyana masiku anayi okha, ndipo onse awiri ankasunga kandevu kofanana pansi pa mphuno. Chaplin anangoti, popeza nkhope tafanana, ndiivala ndine. Anasewera anthu awiri: wolamulira wankhanza wotchedwa Adenoid Hynkel wa dziko lopeka la Tomainia, ndi Myuda wosauka wometa anthu tsitsi. Nthawi imeneyo nkhondo inali itabuka kale ku Ulaya, koma America inali isanalowemo.

Pali malo amodzi amene ndikufuna muwayang'anitsitse. Hynkel akulandira mlendo, wolamulira mnzake Benzino Napaloni wa dziko la Bacteria, amene aliyense ankadziwa kuti ndi Mussolini wa ku Italy. Onse awiri akufuna kumeza kadziko kakang'ono ka Osterlich. Mlangizi wa Hynkel akumuuza kuti chinsinsi cha zokambirana n'choti mlendo azikuyang'ana chokweza maso. Ndiye amuikira kampando kofupika, ngati kaja timakhalira pokazinga chimanga. Napaloni atangokhalapo pang'ono akunyamuka n'kukhala pamwamba pa tebulo la mwini nyumba. Kenako apita kokametetsa. Mipando yake ndi ija yokwera ukamapopa chitsulo cha m'mbali. Uyu apopa kuti apose mnzake, winayo naye apopa, akuyankhulana mwaulemu, akumwetulirana, uku mipando ikukwera mpaka kudenga. Atambala awiri salira m'khola limodzi.

Pambuyo pake akukangana za pepala la mgwirizano. Wina akuti chotsa kaye asilikali ako m'malire ndisaine, mnzake akuti saina kaye ndiwachotse. Mkangano ukufika poponyerana chakudya. Pomaliza Hynkel akusaina, Napaloni akuchotsa asilikali, ndipo asilikali a Hynkel akulowa mu Osterlich muja.

Musaganize kuti Chaplin anangozilota. Mu Julayi 1934 a chipani cha Nazi atapha mtsogoleri wa Austria, Engelbert Dollfuss, Mussolini anatumizadi asilikali ku Brenner, pamalire a Italy ndi Austria, pofuna kuopseza Hitler. Patangopita zaka zinayi, mu Marichi 1938, Hitler anameza Austria, amene ndi Osterlich uja wa m'kanema, Mussolini ali chete. Mu Seputembala chaka chomwecho akuluakulu anakumana ku Munich n'kupatsa Hitler chigawo cha Czechoslovakia, eni dzikolo osawaitana n'komwe patebulo. Neville Chamberlain, nduna yaikulu ya Britain, anabwerera kwawo akukupiza pepala m'mwamba kuti wabweretsa mtendere. Pofika Marichi 1939 asilikali a Germany anali ali mu Prague, likulu la Czechoslovakia. Mussolini yemweyo ndi amene agogo athu a King's African Rifles anakamenyana ndi asilikali ake ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941. Kukula mtima kwa anthu awiri aja kunafika mpaka kuchotsa anyamata m'midzi yathu ino.

Chaplin sanali woyamba. Mu 1933 abale anayi a banja la Marx anapanga kanema wotchedwa Duck Soup. Mmenemo dziko la Freedonia lashota, ndipo mayi wina wamasiye wolemera akuti athandiza ndi madola 20 miliyoni pokhapokha munthu amene iye akumufuna, Rufus T. Firefly, akhale mtsogoleri. Tamverani mmene nkhondo ikuyambira. Firefly wavomera kugwirana chanza ndi kazembe wa dziko loyandikana nalo, la Sylvania. Podikira kazembeyo akuyamba kudzifunsa yekha kuti, nanga ndikatambasula dzanja iye n'kukana? Anthu anga adzandiona bwanji? Akudzikwiyitsa yekha, thukuta kamukamu, moti kazembe pongolowa, asanatsegule n'komwe pakamwa, walandira mbama. Basi, nkhondo. Nduna ndi akuluakulu a asilikali akuyamba kuimba ndi kuvina ngati kuli ukwati.

Ine pamenepa ndimaseka, koma chimene ndimaona ndi mlandu wa malire a munda. A mfumu ndinu mboni: kangati anthu abwera pabwalo panu atakwiya kale ndi mawu amene mnzawo sanawanene?

Kanema wachitatu ndi woopsa kuposa onsewa. Mu Okutobala 1962 America ndi Soviet Union anatsala pang'ono kuponyerana mabomba a nyukiliya chifukwa cha mizinga imene inaikidwa ku Cuba. Mauthenga pakati pa atsogoleri a maiko awiriwa, Kennedy ndi Khrushchev, ankatenga maola ambiri kuti afike, n'chifukwa chake mu 1963 anakhazikitsa njira yolumikizirana mwachindunji pakati pa Washington ndi Moscow. Mu 1964 Stanley Kubrick anatulutsa Dr. Strangelove, mmene Peter Sellers anasewera anthu atatu. Mkulu wina wa asilikali a America wazungulira mutu, watumiza ndege kukaphulitsa Russia popanda chilolezo. Pulezidenti wa America akuimbira foni mnzake wa ku Moscow, amene wapezeka ataledzera. M'malo mofulumira, awiriwa akutaya nthawi kukangana kuti wamva chisoni kwambiri ndani. Chapafupi pomwepo kazembe wa Russia ndi mkulu wa asilikali a America agwirana pakhosi, ndipo pulezidenti akuwakalipira kuti sangamenyane muno chifukwa muno ndi m'chipinda chokonzera nkhondo. Kanemayu amatha mabomba akuphulika motsatizana, kanyimbo kokoma kakulira.

Mwaona kuti m'makanema atatu onsewa msilikali wamba samunyoza kwenikweni. Amene amavulidwa ndi ovala masuti ndi mamendulo, a m'zipinda zotseka. Ifenso luso limeneli si lachilendo. Amene munaonerapo malipenga kumpoto kapena mganda mukudziwa kuti magule amenewa anatengera perete wa asilikali a atsamunda: yunifolomu yoyera, maudindo, kuguba, malipenga a zikho. Munthu wopanda mfuti amatha kutenga mayendedwe a mwini mfuti n'kuwasandutsa gule.

Koma ndisakunamizeni kuti nthabwala zinagonjetsa aliyense. Hitler sanasiye nkhondo chifukwa chosekedwa, ndipo kanema wa Chaplin analetsedwa m'maiko onse amene Germany inkalamulira. Mwiniwakeyo, polemba mbiri ya moyo wake mu 1964, anavomera kuti akadadziwa zoopsa zenizeni zimene zinkachitika m'misasa yopherako anthu, sakadapanga kanemayu. Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa. Muona nokha kuti msasa wa m'kanemamu ukuoneka ngati ndende wamba, akaidi akugona pa mabedi. Mu 1940 iye ankaganiza kuti nkhanza za Hitler zimalekera pamenepo.

Kumapeto wometa uja amusokoneza ndi Hynkel n'kumuimika pamaso pa chikhamu cha asilikali kuti ayankhule. Pamenepo Chaplin akusiya nthabwala, akuyang'ana kamera, n'kuyankhula kwa mphindi zingapo zopempha anthu kuti asamvere olamulira ankhanza. Ena amati anaononga kanema, ena amati ndiye pachimake. Ine ndili ndi mbali yanga, koma ndiinena tikamaliza, ndimve kaye yanu.

Eya, jenereta yalira. Achimwene muli pafupi ndi switchi, tazimitsani getsi la kutsogololi. Ana akhale pamphasa, ndipo Chingerezi chikathina ndiziimitsa n'kumasulira.