Za kupita ndi ana ku baseball Lachisanu lija

Eee achemwali, meseji yanu ndaiona, ndangoti ndikujambulireni voice chifukwa kulemba zitenga tsiku lonse. Ndiye mwati mukufuna kupita ndi ana ku gemu ya baseball ya South Bend Cubs, timu ya mzinda wa South Bend kuno ku America, eti? Pitani, musaope kuti simuudziwa mpirawo, ifenso theka lake sitiumva.

Choyamba, ayi dikirani, ndiyambe ndi ichi. Amenewa si Chicago Cubs a pa TV aja. Ndi timu yawo yaing'ono, anyamata amene akukula, level yake amati High-A, pamwamba pake pali Double-A, Triple-A kenako ligi yaikulu. Nchifukwa chake matikiti ndi otchipa, banja lonse mulowa osalira. Bwalo ndi Four Winds Field, mutauni momwemo. Season imayamba April kutha kumayambiriro a September, Lolemba nthawi zambiri sasewera.

Matikiti gulani pafoni, zimenezo mukuzidziwa. Koma malo okhala, ndi ana anuwo ine ndingati tengani a pakapinga, mumangoyala chitenje kapena bulangete basi, mwana akatopa agona pompo. Pampando Junior uja sangakhale maola awiri ndi theka, ndikumudziwa.

Tsopano apa mvetsetsani. Mkati muja muli malo amadzi oti ana azisewerapo, madzi amatumphuka pansi, splash pad. Tengani zovala zosinthira. Ndabwerezanso, zovala zosinthira, thawulo, ndi jekete. Ife ulendo woyamba tinangopita chimanjamanja, kunali kotentha, ana kungoona madzi aja anathamangira ndi zovala zomwe, nsapato zomwe, ine ndikuti aaa asiyeni auma. Kuno dzuwa la July limalowa cha m'ma 9 koloko, ndiye umadzinamiza kuti kukadali masana. Litangolowa kamphepo kanayamba, wamng'ono uja milomo kuchita kunjenjemera, mano gwegwegwe, ndinamukulunga chitenje changa koma sizinathandize. Tinanyamuka inning ya 7 (chigawo cha 7 cha gemu), makombola a pomaliza gemu amene tinapitira aja tinangowamva kuphulika tili mugalimoto pamsewu, wamkulu analira mpaka kunyumba. Ndiye jekete, mwamva? Osati yopyapyala. Ndipo muwatulutse m'madzimo dzuwa lisanalowe, asinthe, kenako muwagulire chakudya.

Eya, chakudya. Mabwalo ambiri salola chakudya chakunja, ndiye adyeretu nsima kunyumba. Kuli bambo ena ake akutchalitchi, dzina ndisatchule, ndinawauza zimenezi iwo amvekere ine sindingagule hot dog mtengo umenewo, ananyamula cooler yodzadza mpunga ndi nkhuku. Anabwerera nayo kugalimoto, thukuta kamukamu, pobwera gemu itayamba kale. Komanso tengani khadi, malo ambiri masiku ano cash sakulandira. Za size ya chikwama onani pa website yawo musananyamuke.

Ndimati chani... eya, gemuyo. Ilibe half time ngati mpira wathu. Ma inning ndi 9, pa inning iliyonse timu imamenya mpira ndi ndodo mpaka anthu ake atatu atuluke kenako asinthana. Womenya akaphonya katatu watuluka. Ayi ayi, osati watuluka gemu yonse ngati red card, amangokakhala pansi kudikira nthawi yake ina. Akamenya mpira nkudutsa mpanda wakutsogolo uko ndiye home run, imirirani muzikuwa nawo basi. Pakati pa inning ya 7 muona anthu onse aimirira nkumaimba, si kuti yatha, akungowongola miyendo.

Koma mpira uja ndi wolimba ngati mwala. Ukapita chammbali kwa anthu, foul ball, aliyense amayang'ana kumwamba, ndiye inu musakhale maso ali pa WhatsApp mwana ali pamiyendo. Ukagwera kwa inu ndi wanu, sabweza, Junior apita nawo kunyumba.

Mvula ikagwa tikiti musafufute, gemu ikalephereka isanafike ma inning 5 nthawi zambiri amakusinthirani tsiku lina.

Fikani msanga, ola lathunthu gemu isanayambe, mupeze parking yapafupi komanso ana ajambulitse ndi chidole cha timu chija chisanazunguliridwe. Alamu auzeni aweruke msanga kuntchito. Dikirani kaye, mphika wanga ukupserera, ndikuimbirani madzulo.