Kuchoka pa fumbi kufika pa pulaneti: masamu a Viktor Safronov

Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata muli kumbuyoko, sendererani kuno mumve bwino. Funso lathu lero ndi ili: kodi kafumbi kosaoneka ndi maso kamasanduka bwanji dziko lalikulu ngati lomwe tapondali?

Munthu amene anathera moyo wake pa funsoli ndi Viktor Safronov wa ku Russia, yemwe anabadwa mu 1917 n'kumwalira mu 1999. Ankagwira ntchito ku Moscow m'gulu la Otto Schmidt, katswiri wa masamu wodziwikanso ndi maulendo ake a ku Arctic. Schmidt ankati mapulaneti anaumbika kuchokera ku tinthu tolimba, tozizira, tomwe tinkazungulira dzuwa. Ganizo loti mapulaneti anachokera mu mtambo wozungulira dzuwa silinali latsopano, Immanuel Kant anali atalinena kale mu 1755. Koma kunena n'kosavuta. Safronov ankafuna manambala: tinthuto tinkathamanga bwanji, tinkagundana kangati, ntchito yonseyo inatenga zaka zingati. Buku lake linatuluka m'Chirasha mu 1969, ndipo akatswiri ambiri akunja anadzaliwerenga litamasuliridwa m'Chingerezi ku Jerusalem mu 1972.

Tiyambe ndi zipangizo zake. Nyenyezi ngati dzuwa lathuli ikamabadwa, zotsalira zimayalana mozungulira ngati chimbale chafulati. Pa magawo 100 a kulemera kwa chimbalecho, pafupifupi 99 ndi gasi, makamaka hydrogen ndi helium. Gawo limodzi lokha ndiye fumbi ndi madzi oundana. Kafumbi kamodzi n'kochepa zedi, mungandanditse 1,000 kuti mukwanitse milimita imodzi. Tsiku loyambira timalidziwa chifukwa cha miyala yogwa kuchokera kumwamba. M'chaka chomwecho cha 1969, pa 8 February, mwala waukulu unaphulikira m'mwamba ku Allende, m'dziko la Mexico. Mukauswa mumapeza timadontho toyera ta calcium ndi aluminium, ndipo timadontho ta mtundu umenewu tapezeka kuti tili ndi zaka pafupifupi 4,567 miliyoni.

Sitepe yoyamba ilibe vuto. Tifumbi tikakhudzana pang'onopang'ono timamatana tokha, monga zimachitira nyansi zopepuka zija mumazipeza zitaundana kunsi kwa bedi. Timakula mpaka milimita, mwina sentimita.

Sitepe yomaliza ndi imene Safronov anaitambasula bwino. Tinene kuti muli kale ndi miyala ya makilomita 10 kapena 100, imene akatswiri amaitchula kuti planetesimal. Mwala wotere uli ndi mphamvu yokoka, ndiye sumangogundidwa ndi zimene zaulunjika ayi, umakhotetsanso njira ya zodutsa pambali n'kuzimeza. Kuchuluka kwa zimene ungameze kumatengera mitundu iwiri ya liwiro. Loyamba ndi liwiro lofunika kuti chinthu chithawe mphamvu yokoka ya mwalawo, lomwe pa dziko lathuli ndi makilomita 11.2 pa sekondi. Lachiwiri ndi liwiro limene miyalayo ikudutsirana. Ngati loyambalo likuposa lachiwiri ka 10, mwalawo umakokolola malo aakulu pafupifupi ka 100 kuyerekeza ndi thupi lake. Mwaona? Wamkulu amadya msanga, akadya amakula, akakula amadya msanga koposa. Koma Safronov anaonanso kuti zimenezi zili ndi buleki yake. Miyala ikuluikulu ikamadutsa pafupi ndi ing'onoing'ono imaikankha n'kuiwonjezera liwiro, ndipo chothamanga kwambiri n'chovuta kuchigwira. Ataphatikiza zonsezi anapeza kuti dziko lathu linatenga zaka pafupifupi 100 miliyoni kuti limalizike.

Ananenanso chinthu chimene ambiri anachedwa kuchimvetsa: kumapeto kwake sikugwa kwa timiyala ayi, koma kuwombana kwa zimphona. Iye ankati n'chifukwa chake mapulaneti ali opendekeka, ndipo Uranus anachita kugona chammbali, pa madigiri 98. Mu 1975 William Hartmann ndi Donald Davis anatenga mfundo yomweyo n'kunena kuti mwezi unapangidwa ndi zidutswa zomwe zinathothoka pamene chimphona china chinawomba dziko lathu. George Wetherill wa ku Carnegie Institution ku Washington ndiye anaika masamu a Safronov mu kompyuta, n'kumaona miyala mazanamazana ikugundana mpaka kutsala mapulaneti ochepa onga Venus ndi dziko lathu. Safronov ankangogwiritsa ntchito pepala ndi cholembera, ndipo ine ndimati pamenepo m'pofunika kumuvulira chipewa.

Tsopano tifike pamene zinthu zimasokonekera, pakati pa sentimita ndi kilomita. Apa mavuto alipo awiri.

Loyamba ndi kusweka. Jürgen Blum ndi anzake ku Braunschweig, ku Germany, akhala akuwombanitsa timibulu ta fumbi mu labotale. Tikafika pa milimita timayamba kunjanja m'malo momatana, ndipo liwiro likapyola pafupifupi mita imodzi pa sekondi timaphwanyika.

Lachiwiri ndi mphepo, ndipo ili ndiye loopsa. Mvetserani bwino. Mwala wozungulira dzuwa umayenda pa liwiro limene mphamvu yokoka ya dzuwa yaulamula. Gasi ndi wosiyana pang'ono. Pafupi ndi dzuwa ndi wotentha komanso wothinana, choncho amadzikankhira kunja, ndipo kukankhako kumamuthandiza kuti asagwe ngakhale akuyenda mochedwerapo. Kusiyana kwake n'kochepa, mamita makumi angapo pa sekondi, koma kwa mwala ndi chimphepo cha kumaso chopyola makilomita 100 pa ola chimene sichileka usana ndi usiku. Kafumbi kakang'ono sikavutika, kamangotengedwa ndi gasiyo. Chimwala cha kilomita sichimva n'komwe. Wovutika ndi wapakatiyu. Mu 1977 Stuart Weidenschilling anawerengera kuti mwala wa mita imodzi, uli pa mtunda umene dziko lathu lili, umataya mphamvu n'kugwera ku dzuwa m'zaka ngati 100 zokha. Zaka 100, pa ntchito yofuna mamiliyoni! Ndiye kuti masamu ankati zomangira zonse zimapita kumoto nyumba isanayambike.

Pali funso kumbuyoko? Eya, mwafunsa bwino mayi: nanga ife tili pano bwanji? Yankho limene ambiri akulitsata linabwera mu 2005 kuchokera kwa Andrew Youdin ndi Jeremy Goodman. Taganizani za anthu opalasa njinga molimbana ndi mphepo. Wopalasa yekha amatopa msanga, koma akaunjikana gulu, mphepo imawapweteka pang'ono. Timiyalanso tikachulukana pamalo amodzi timakoka gasi wa pamenepo kuti aziyenda nato, mphepo ija imachepa, ndipo gululo limaleka kutsetserekera ku dzuwa. Timiyala tochokera kunja, tomwe tikutsetserekabe, timalipeza gululo n'kulowamo. Likamakula limatetezeka kwambiri, mpaka kulemera kwake kumalikoka lokha n'kugwera pamodzi. Mu 2007 Anders Johansen ndi anzake anaonetsa pa kompyuta kuti mwa njirayi mumatuluka chimwala cha makilomita mazana nthawi imodzi, osadutsa pa msinkhu woopsa wa mita uja. Koma zimatheka pokhapokha fumbi litachuluka mokwanira poyerekeza ndi gasi. Likachepa, magulu aja sapangika.

Masamu a Safronov anali ndi chilema chinanso. Kutali ndi dzuwa miyala ndi yotalikirana ndipo imazungulira mochedwa, moti Neptune ankaoneka ngati akufunika nthawi yoposa zaka za dzuwa lenilenilo. Jupiter naye ali ndi mpikisano wake: ayenera kumanga chimtima cholemera ngati maiko athu 10, choti chikoke gasi wambiri, gasiyo asanabalalike, pamene gasiyo amatha m'zaka mamiliyoni ochepa chabe. Chodabwitsa n'chakuti mphepo ija inali mdani yasanduka mthandizi. Kamwala ka sentimita kakamadutsa pafupi ndi pulaneti yaing'ono, gasi amakachepetsa liwiro, ndiye kamakodwa n'kugwera pomwepo m'malo mopitirira.

Safronov anamwalira asanaone chimbale chotere bwinobwino. Mu 2014 ALMA, gulu la madishi 66 oonera zakuthambo lomwe lili pa mtunda wokwera mamita 5,000 m'chipululu cha Atacama ku Chile, linajambula nyenyezi yaing'ono yotchedwa HL Tauri. Pa chithunzipo pali mizere yowala ya fumbi ndi mipata yakuda pakati pake. Mu 2018 gulu la Miriam Keppler linajambula pulaneti yeniyeni, PDS 70 b, ili mkati mwa mpata wotere m'chimbale cha nyenyezi ina.

Umboni wina uli kwathu konkuno, pakati pa zinthu zozungulira dzuwa lathuli, kuseri kwa Neptune. Pa 1 January 2019 chombo cha New Horizons chinadutsa pafupi ndi Arrokoth, chimwala chotalika makilomita pafupifupi 36. Ndi mibulu iwiri yogundana mitu, wina wamkulu wina wamng'ono. Mukayang'ana pakhosi pamene inalumikizirana simupeza ming'alu ikuluikulu kapena kuphwanyika. Akatswiri anawerengera kuti inakumana pa liwiro losaposa mamita ochepa pa sekondi, zomwe zikugwirizana ndi mibulu iwiri yobadwira m'gulu limodzi la timiyala, n'kumazungulirana mpaka kukhudzana.