Madzi asachoke m'galasi: nkhani kwa odzipereka pa njanji ya sitima zakale za nthunzi

Takulandirani nonse. Amene mwaima kukhomoko lowani, mabenchi akutsogolowa alibe anthu. Za Loweruka lija mwazimva kale. Sitima itangomaliza chitunda chachikulu, chitsekero cha mtovu cha padenga la ng'anjo chinasungunuka, nthunzi n'kuyamba kulira pamoto, alendo n'kukhala m'mabogi kudikira injini ina. Palibe anavulala, ndipo sitinasonkhane kudzaloza munthu chala. Mawu a lero ndi ochepa: madzi asachoke m'galasi, kachubu kaja koonetsa pamene madzi afika m'boila.

Tikumbutsane mmene boila ilili. Malasha amayaka m'bokosi la mkuwa kapena la chitsulo, lozunguliridwa ndi madzi m'mbali ndi pamwamba. Denga la bokosilo silipsa chifukwa madzi ali pamwamba pake akulanda kutentha. Nthunzi ikafika mphamvu ya 150 psi (muyezo wa kukankha kwa nthunzi), madziwo amakhala pa madigiri pafupifupi 185, osati 100 wa madzi owira poyera. Madzi akatsika denga n'kukhala louma, chitsulo chimafewa, mphamvu ya nthunzi imalikankhira pansi mpaka kulizula pa zomangira zake. Likang'ambika, gawo la madziwo limasanduka nthunzi kamodzin'kamodzi, ndipo lita imodzi ya madzi imatulutsa malita pafupifupi 1,600 a nthunzi. Nthunziyo imatulukiranso pakhomo la ng'anjo, pamene paima wosonkha moto.

Chitsekero chija n'cha mkuwa, pakati pake pali mtovu umene umasungunuka pa madigiri 327. Ena mumati chimazimitsa moto. Ayi ndithu. Kabowo kake n'kakang'ono, ntchito yake n'kukukuwirani kuti zinthu zavuta kale.

Tsono injini zathu za njanji yopapatiza anthu amaziderera poziona kuchepa. Alendo amati tizidole, ndipo ena mwa inu mwayamba kukhulupirira. Ku Wales, njanji ya Talyllyn ndi yotalikirana mamilimita 686 okha, ndipo ndiyo inayamba padziko lonse kuyendetsedwa ndi anthu odzipereka, mu 1951. Injini yawo Dolgoch ndi ya 1866. Ku njanji ya Ffestiniog, ku Wales komweko, kuli injini yotchedwa Prince ya 1863. Zafika lero chifukwa mibadwo ya osonkha moto inkayang'ana galasi. Boila yaing'ono imasunga madzi ochepa, choncho imatsika msanga kuposa yaikulu. Inu mukamwetulira kamera ya mlendo, kapena kuyankha foni, madzi atsika kale chala chimodzi. Mafoni aja, achinyamata, muzisiya m'thumba. Madzi asachoke m'galasi.

(Bambo wina afunsa: "Nanga mnyamata amene anali m'injini Loweruka uja akuti galasi linkaonetsa madzi. Ndiye kuti akunama?")

Zikomo bambo, funso lanu ndi labwino, khalani pansi ndikuyankheni bwinobwino. Mwina sakunama. Galasi ndilo limanama, ndipo limanama m'njira zingapo. Injini ikamakwera chitunda chumuni ili kutsogolo, madzi amathamangira kumbuyo, kumene kuli ng'anjo ndi galasi lomwe. Galasi limaoneka lodzaza, mtima n'kukhala pansi. Mukangopitirira pamwamba n'kuyamba kutsetsereka, madzi omwewo amapita kutsogolo, denga n'kutsala louma. Onjezani ichi: chotsegulira nthunzi chikakhala chotsegula, madzi amafufuma ndi thovu n'kuoneka okwera. Woyendetsa akachitseka pamwamba pa chitunda, amafwa nthawi yomweyo. Akagwiranso mabuleki, amakankhidwiranso kutsogolo. Zitatu zonsezi zimakumana pamalo amodzi, pamene zinachitikira za Loweruka. N'chifukwa chake madzi amathiridwa muli pakati pa chitunda, kuti mukafike pamwamba galasi lili pa magawo atatu mwa anayi. Injini ikamayenda chobwerera, zonsezi zimatembenuka, ndiye dziwani mbali imene mwayang'ana.

Bodza linalo ndi loipa kwambiri. Timabowo tolumikiza galasi ndi boila timatsekeka ndi zokakamira za m'madzi. Kam'munsi kakatsekeka, madzi amangoima m'galasi pamalo amodzi, phee, pomwe m'boila akutha. Madzi amoyo amagwedezeka injini ikamayenda. Mukaona angoti duu osasuntha, musakondwere, kayikirani. Ndipo mpopi wapamwamba wa galasi ukasiyidwa wotseka, kapena wotsegula mwatheka, galasi limaonetsa madzi ambiri kuposa amene alipo. Mwamva bambo? Ndiye kuyang'ana kokha sikukwanira, galasi limayesedwa.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana mawotchi, tifulumire. Kuyesa galasi: tsekani mipopi yonse iwiri, wapamwamba ndi wam'munsi, tsegulani wotayira. Tsegulani wapamwamba, nthunzi ilire mwamphamvu, tsekani. Tsegulani wam'munsi, madzi atuluke mwamphamvu, tsekani. Tsekani wotayira, tsegulani iwiri ija. Madzi abwerere msanga. Akamakwera mwaulesi, penapake patsekeka, injiniyo isatuluke m'shedi. Chitani zimenezi musanayambe ulendo, komanso polandira injini kwa mnzanu. Magalasi akakhala awiri, ayesedwe onse, ndipo agwirizane.

Mainjekita, zipangizo zolowetsa madzi m'boila, onse awiri ayesedwe musananyamuke, osati imodzi n'kumati inayo tidzaiona. Injekita ikakana kukoka, kawirikawiri madzi a m'thanki atentha, sefa yatsekeka ndi zinyalala, kapena paipi ikuyamwa mpweya polumikizira. Itsekeni, ithireni madzi ozizira, yambaninso, uku inzake ikugwira ntchito. Musathirenso mopyola mpaka madzi kubisala pamwamba pa galasi. Amatengedwa ndi nthunzi kukalowa m'masilinda, ndipo madzi sapanikizika, amatha kuswa chivundikiro cha silinda. Mukamva kulira kwa chumuni kwasintha ndipo kukugwa madontho akuda, tsegulani mipopi ya pansi pa masilinda, chepetsani nthunzi.

Chitsekero chikasungunuka: mainjekita onse awiri atsegulidwe, sitima iime pamalo abwino, tsekani zolowetsera mpweya, moto uchotsedwe kapena ukwiriridwe ndi dothi. Musayesere kukafika kusiteshoni. Injiniyo siyatsidwanso mpaka woyendera maboila ataona denga ndi zomangira zake, n'kuikapo chitsekero chatsopano.

Mayi kumbuyoko, funso lanu la kutsuka boila tiliyankha panja, poti tsiku lotsuka lili kale pandandanda. Amene muli pantchito mawa, boila ndi yozizira, imafuna maola angapo kuti itenthe pang'onopang'ono, mukaithamangitsa machubu amayamba kudontha. Musanaponye machesi, onani kaye kuti madzi ali m'galasi, ndipo muliyese. Makiyi a shedi ali pakhomo, wotsiriza kutuluka atseke.