Makalata a omvera: kusindikiza zithunzi pamanja

Tafika pa makalata, omvera. Sabata yatha mtsikana wa Fomu 4 ku Bembeke anafunsa kuti wofuna digiri ya printmaking, luso losindikiza zithunzi pamanja, ayambire pati. Aphunzitsi ena a ku Lobi amuyankha motere:

"Mwanangu, yambira pa thabwa. Peza losalala, lopanda mfundo, kukula kwake ngati tsamba la kope, ulipale ndi sandipepa. Kumbukira kuti chakumanja pathabwa chimatuluka kumanzere papepala, choncho zilembo uzilembe chotembenuza. Goba malo onse amene ukufuna akhale oyera. Chotsala pamwamba ndicho chimatenga inki. Goba motsata mizere ya thabwa, ukapingasa limakhadzuka, ndipo dzanja logwira thabwa likhale kumbuyo kwa mpeni.

"Ambiri amalephera pa inki. Ifalitse pagalasi ndi rola mpaka ipyapyale, izingomveka kuti tsss. Ikachuluka imatseka timizere tako, chithunzi chimangoti bii. Ikachepa chimatuluka mawangamawanga. Makina opanikiza palibe? Yala pepala pamwamba, ulipukute ndi msana wa supuni mozungulira, kenaka kweza ngodya imodzi uone usanalichotse lonse. Inki yamafuta imachedwa kuuma m'chisanu cha Juni kuno, ndiye mapepala usawasanjikize, uwapanire pachingwe."

Zikomo aphunzitsi. Ndiwonjezereko, achemwali: ku Mua kuli Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zosemasema omwe Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976. Osema kumeneko zogobera zawo ndi zomwezi, mukaone mmene amazinolera. Mpeni wobuntha ndi womwe umatereza n'kukucheka.

Kalata ina yachokera kwa mayi osindikiza malaya ku Dedza boma:

"Thabwa ndi njira imodzi chabe. Pali etching: umapaka phula pa mbale ya mkuwa kapena zinki, umakanda chithunzi ndi singano, asidi n'kudya mokandidwamo, ndipo inki imakhala m'mizeremo osati pamwamba. Imeneyi popanda makina opanikiza siituluka. Pali lithography, yodalira kusagwirizana kwa mafuta ndi madzi pamwala, ndi screen printing, yodutsitsa inki pa nsalu yokhala ngati sefa, yomwe imabweza ndalama msanga. Mtundu uliwonse wa inki umasindikizidwa paokha, ndiye ika zizindikiro pangodya za pepala. Likasuntha pang'ono, mtundu wachiwiri umagwera pambali. Zikauma lemba ndi pensulo pansi pake, monga 3/20, kutanthauza chachitatu mwa 20, ndipo ukatero usasindikizenso cha 21."

Apo pa 21 mwalasa, mayi, ogula amalipira podziwa kuti zilipo zochepa.

Za sukulu, ku University of Malawi ku Zomba, komwe tinazolowera kuti Chanco, amaphunzitsa zaluso, ndipo digiri ndi ya zaka 4. Musanalembere kulikonse, achemwali, funsani ngati ali ndi makina opanikiza ogwira ntchito, njira zingati mwa zinayi zija amaphunzitsa, komanso ngati inki ndi mapepala amagula ndi ophunzira eni.