Kambendera ka pamaluwa: voice ya azakhali aku Salima

Eya mwanawe, voice yako ija ndaimva. Ndiye ukufuna kambendera kozika pamaluwa apo pakhomo, kolembedwa kuti "Takulandirani", eti? Chabwino, tamvera, ndipo usathamange.

Yamba ndi nsalu. Nayiloni ya maambulera ija usayerekeze, simbi ikangoikhudza imakwinyika n'kusungunuka. Peza kanvasi wopepukirapo, kapena nsalu ya thonje yosakaniza ndi poliyesita. Uichape kaye iume, chifukwa nsalu yatsopano imabwera ndi mankhwala aja oiumitsa, ndipo vinilo, pulasitiki yopyapyala ija timadulapo zilembo n'kudinda pansalu, sagwira bwino pamenepo. Mulifupi masentimita 30, mulitali 45, koma pamwamba usiyeko ina yoti a telala apinde polowetsa ndodo. Uwauze asoke mpendero kawiri. Ukuudziwa mwera wa ku Senga Bay ukayamba mu June, wosoka kamodzi umasosoka sabata isanathe.

Tsopano vinilo. Pogula unene kuti ukufuna wa pa T-shirt, wodinda ndi moto. Pali wina womata pa magalasi ndi pa galimoto, ameneyo pansalu sakhala. Wathuyu ali ndi mbali ziwiri. Yonyezimira ndi pulasitiki chabe yonyamulira zilembo. Yosanyezimira ndi imene ili ndi guluu, ndiyo imagona pansalu, ndiponso ndi imene umadula. Ndiye apa ndi pamene anthu amagwa. Popeza ukudula kumsana, zilembo zikhale zotembenuza ngati ukuziona pagalasi. Ine ulendo woyamba ndinaiwala. Ndinadula bwinobwino, kudzati ndiike pansalu, aa, mawu onse akuwerengeka chobwerera! Vinilo yense uja kutaya, ndalama yapita.

Ngati uli ndi wina wa makina a Cricut, aja odulira vinilo, ungomukumbutsa kuti adine "mirror". Ngati palibe, pita kopulinta, akutulutsire mawuwo otembenuza kale, zilembo zonenepa, osati zopyapyala zopiringizika zija. Uzijambule ku mbali yosanyezimira, udule ndi lezala watsopano. Dzanja likhale lopepuka, udule vinilo yekha, pulasitiki ya pansiyo isabooke, ndiyo imagwira zilembo kuti zisasokonekere. Kenaka tenga singano uzichotsa zosafunikazo pang'onopang'ono. Mu "Takulandirani" muli ma "a" atatu ndi "d", utolemo timkati take. Timadontho tiwiri ta pa "i" tija timakonda kuchoka limodzi ndi zotaya, uziyang'anira.

Podinda, siya mphasa, siya bedi. Pafunika tebulo la thabwa lolimba, uyalepo nsalu imodzi yokha. Vinilo amagwira chifukwa cha moto ndi kukanikiza, pofewa mphamvu yako imangomira. Sita kaye mbenderayo masekondi asanu chinyontho chichoke, kuno kunyanja nsalu imaoneka youma pomwe isali youma. Ipinde pakati kuti upeze mzere wapakati, ugoneke mawu aja, yonyezimira ili kumwamba. Tsopano akuyenera kuwerengeka bwino. Phimba ndi kansalu kathonje kopyapyala kapena pepala lophikira makeke.

Simbi ikhale pa "cotton", madzi onse ukhuthule, nthunzi sikufunika. Vinilo wambiri amafuna madigiri cha m'ma 150, masekondi 10 mpaka 15. Ndiye usasite ngati malaya ayi. Ika, kanikiza ndi manja awiri, werenga mpaka 15, nyamula, suntha, kanikizanso. Ukamakhwekhwereza simbi zilembo zimapotoka. Magetsi akathima, ya makala imathekanso, koma moto wake ndi wosadziwika, choncho yesa kaye pa kachidutswa, ndipo upukute phulusa kunsi kwake.

Posenda pulasitiki ufunse kwa wogulitsa ngati ndi wosenda akadali wotentha kapena atazizira, amasiyana. Yambira pakona, pang'onopang'ono. Chilembo chikamatukuka nayo, bwezera, phimba, kanikizanso masekondi asanu. Ukamaliza tembenuza nsalu udindenso kumbuyo. Ukaona ulusi wa nsalu ukuonekera pang'ono pa zilembo, dziwa kuti wagwira.

O, ndimaiwala. Ngati ukufuna kuti obwera ndi otuluka onse aziwerenga, dinda nsalu ziwiri, a telala azilumikize msana ndi msana.

Isakhudze madzi mpaka maola 24 atakwana. Pochapa, ndi manja, madzi ozizira, osathira jiki, osafinya. Ndodo yake akuwotcherere owotcherera zitsulo, yopinda ngati 7, kunsonga aikhoteke pang'ono kuti mphepo isaivule. Dzuwa la October kuno limadya mtundu wa nsalu msanga, ndiye uizike chakumthunzi wa mango uja.

Ukadinda unditumizire chithunzi ndione. Upereke moni kwa amayi ako.