Mwana amene wafika Sitandade 5 asanadziwe kuwerenga

A Gulupu, mafumu onse, aphunzitsi aakulu, amayi ndi abambo, zikomo pondilola kuima pamaso panu.

Kuyambira mu 1994, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ana ambiri amalembetsa sukulu, koma si onse olembetsa amene amadziwa kuwerenga. Mwana amatha kukhala pansi m'kalasi ya ana oposa 100, kumangoyimba pamodzi ndi anzake zimene mphunzitsi wanena, n'kukwera kalasi ina osatha kuphatikiza "ka", "lu" ndi "lu" kuti atulutse kalulu.

Vutoli limadzaonekera mu Sitandade 5, pamene maphunziro ayamba kuperekedwa m'Chingerezi. Amene akulephera kuwerenga chinenero chimene amalankhula kunyumba sangamve funso la masamu kapena la sayansi m'chinenero chachilendo. Amabwereza kalasi kawiri, amakula kuposa anzake, manyazi amamugwira, ndipo posakhalitsa mnyamata timamuona akuweta ng'ombe kapena akugwira ganyu m'minda ya fodya, mtsikana n'kulowa m'banja, ngakhale kuti malamulo oyendetsera dziko lino, chisinthidwire mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ife timangoti mwanayu alibe mutu wa sukulu, chikhalirecho mutuwo anali nawo, koma tinamutaya ali ndi zaka 6 kapena 7.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, "Ine ndemwe sindinapite kusukulu, ndingamuthandize bwanji?" Mwana amayamba wadziwa mawu asanadziwe zilembo, ndipo mawuwo amawatola kwa inu. Nthano ndi ndagi za madzulo, zimene agogo athu ankatiuza titazungulira moto, zinkatidzaza mawu m'mutu. Pano ndikhudze chizolowezi chathu china, mundikhululukire: timakonda kumukalipira mwana akamafunsafunsa, n'kumati ndiko kumuphunzitsa ulemu. Ulemu ndi wofunika, koma mwana woopa kufunsa bambo ake sangakweze dzanja pamaso pa mphunzitsi.

Aang'ono muziwatumiza ku mkombaphala, ndipo asamapite kusukulu m'mimba muli pululu. Amene mukufuna kuphunzira nokha, sukulu za kwacha sizisankha msinkhu. Madzulo ano mupatseni mwana wanu wa Sitandade 3 kabuku ka kusikelo kapena buku lake la Chichewa kuti akuwerengereni mokweza. Ngakhale inu simudziwa zilembo, khutu lanu limva ngati akudodoma, ndipo akadodoma mukaonane ndi mphunzitsi wake sabata yomwe ino, musadikire mayeso a Sitandade 8.