Makhadi a Tarot Akusintha Nkhope: Ojambula Amakono Akuchita Nawo Chiyani?

Moni nonse amene mukutionera. Taonani makhadi awiri ali pazeneraŵa. Lakumanzere lili ndi ndodo khumi zopingasana, basi. Lakumanja lili ndi munthu wosenza ndodo khumi, atawerama ndi kulemera, akuloŵera kumudzi uli patali. Ndi khadi limodzi lomwelo, lochokera m'mipukutu iŵiri yosiyana. Nkhani yathu lero yagona pa kusiyanaku.

Ndikudziŵa kuti ambiri tikamva za tarot timaganiza za maula. Koma makhadiŵa anayamba ngati maseŵera a mabanja olemera ku Milan ndi ku Ferrara, kumpoto kwa Italy, cha m'ma 1440, ndipo ku France akuseŵeredwabe mpaka pano. Zoombezera zinadza mochedwa, makamaka kuyambira mu 1781, pamene Antoine Court de Gébelin ananena popanda umboni kuti anachokera ku Egypt wakale. Ife lero tikuyang'ana luso la zojambula zake.

Mpukutu umakhala ndi makhadi 78. Makhadi 22 ndi aakulu, monga Chitsiru, Mfumu, Imfa ndi Dzuŵa. Otsala 56 ali m'magulu anayi: zikho, malupanga, ndodo ndi ndalama.

Kwa zaka mazana, makhadi a manambala pafupifupi m'mipukutu yonse ankangoonetsa chiŵerengero. Amene anasintha zinthu ndi mayi wina, Pamela Colman Smith. Mu 1909 ku London, potumidwa ndi Arthur Edward Waite, anajambula makhadi onse 78, lililonse ndi kankhani kake. Malupanga atatu anasanduka mtima wolasidwa, mvula ikugwa kumbuyo. Zikho zisanu zinasanduka munthu wovala zakuda akuyang'ana zitatu zomwe zatayika, osaona ziŵiri zomwe zaima kumbuyo kwake. Ngakhale mwana akhoza kuŵerenga chithunzi chotere.

Chimandipweteka mtima ndi ichi: mpukutuwo unatchuka ndi dzina loti Rider-Waite, la kampani yosindikiza ndi la bambo amene anamutuma. Wojambulayo anamwalira mu 1951 ku Cornwall ali mu umphaŵi. Masiku ano anthu ambiri akumawonjezera dzina la Smith, ndipo nkoyenera kutero, chifukwa ojambula ambiri amakono akuyankhana ndi iyeyo, kaya pomutsatira kaya pomutsutsa.

Akatswiri otchuka anaikapo dzanja. Mpukutu wa Salvador Dalí unatuluka mu 1984. Niki de Saint Phalle sanakhutire ndi pepala: ku Tuscany, m'dziko la Italy, anamanga munda wa ziboliboli zikuluzikulu za makhadi aakulu aja, ndipo unatsegulidwa mu 1998. Mu 1981, Karen Vogel ndi Vicki Noble anatulutsa Motherpeace, makhadi ozungulira oika amayi patsogolo.

Tsopano tifike ku m'badwo uno, ndipo apa ndichedwepo.

Mu 2012, Kim Krans anasindikiza yekha The Wild Unknown. Anachotsamo anthu, n'kuikamo nyama, mitengo ndi mizere ya inki yakuda. M'malo mwa mfumu, mfumukazi ndi asilikali ake a m'gulu lililonse la makhadi, anaika bambo, mayi, mwana wamwamuna ndi wamkazi. Banja la malupanga ndi akadzidzi, la ndodo ndi njoka. Kwathu kuno kadzidzi sitimuona ngati mbalame yanzeru, ndipo pompo mwaona kale kuti chizindikiro chikawoloka nyanja tanthauzo limasintha.

Lisa Sterle, mu Modern Witch Tarot wa 2019, anatenga njira ina. Kaimidwe ka zithunzi za Smith sanakasinthe, koma anthu ake ndi akazi a khungu ndi matupi osiyanasiyana, ovala zamakono. Pa khadi la Galeta, mtsikana wakwera njinga yamoto. Ndi ntchito yokongola, komabe kwa ine imakakamira kwambiri mapazi a Smith.

Amene amandigwira mtima ndi Courtney Alexander wa ku America, ndi mpukutu wake Dust II Onyx, womwe ndalama zake anthu anasonkha pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama. Sanangotenga zithunzi zakale n'kudetsa khungu. Anapenta zatsopano, anthu akuda pa malo akuda, nkhope zikutuluka mumdima ndi kunyezimira. M'zojambula zambiri za ku Ulaya, mdima umaimira tsoka. Kwa Alexander, mdima ndi ulemerero. Uku ndiye kujambula mwatsopano: kufunsa funso limene mpukutu wakale sunafunse, osati kungouveka malaya ena.

Mipukutu yatsopano yachuluka zedi, ya amphaka, ya maluŵa, ina yopangidwa ndi kompyuta mothamanga. Mukafuna kuyesa ngati wojambula anagwiradi ntchito, musayambire pa Dzuŵa kapena Mwezi, poti pamenepo aliyense amadzionetsera. Tulutsani zikho zisanu, kapena ndalama zisanu ndi ziŵiri. Ngati pali zikho zokha zondandalika, ndipo bokosilo silikunena kuti akutsata kalembedwe kakale ka Marseille, kongoonetsa chiŵerengero pa makhadi a manambala, dziŵani kuti anatopera panjira.

M'vidiyo yotsatira tiika khadi la Imfa la m'mipukutu isanu pamodzi, tione momwe aliyense analijambulira.